Poloni wa ku Polokwane: zaka 7 mlandu wa chipukutamisozi usadazengedwe

M'mwezi wa Meyi 2025, kampani ya Tiger Brands, imodzi mwa makampani akuluakulu opanga zakudya ku South Africa, idalengeza kuti maloya a kampani ya inshuwaransi yomwe imaiteteza apereka ganizo lolipira ena mwa anthu omwe adadwala kapena kutaya abale awo kaamba ka matenda a listeriosis. Kuchuluka kwa ndalamazo sikudaululidwe, ndipo kampaniyo idanenetsa kuti kupereka ganizolo sikukutanthauza kuti yavomera kulakwa. Apa n'kuti patatha zaka 7 ndi miyezi iwiri chichokereni pa 4 Malichi 2018, tsiku lomwe nduna ya zaumoyo m'dzikolo, Aaron Motsoaledi, idauza mtundu wonse kuti matendawo akuchokera m'poloni wopangidwa pafakitale ya Enterprise Foods mumzinda wa Polokwane, yomwe panthawiyo idali ya Tiger Brands.

Mlanduwu ndi woyenera kuusanthula chifukwa odandaula adali ndi pafupifupi chilichonse chomwe munthu wovulazidwa ndi katundu wogula angachilakelake. Dziko lawo lili ndi lamulo lomwe silikakamiza wogula kutsimikiza kuti wopanga katundu adachita mosasamala. Lili ndi akatswiri a zaumoyo omwe adalondola kachilombo kuchokera m'magazi a odwala mpaka kukafika kufakitale. Bwalo la milandu lidawalolanso kusuma ngati gulu limodzi. Koma pofika tsiku la chilengezocho padalibe woweruza yemwe adali atamva umboni pa funso lenileni, loti kodi kampaniyo ili ndi mlandu kapena ayi. Chomwe chidadya zaka zonsezi ndi mkangano wa momwe angalumikizire munthu aliyense wodwala ndi chakudya chomwe adadya n'kuiwala kalekale.

Listeriosis ndi matenda ovuta kuwalondola. Amayamba ndi kachilombo kotchedwa Listeria monocytogenes, komwe kamapezeka m'dothi, m'madzi ndi m'zinyama, ndipo kali ndi khalidwe lomwe tizilombo tambiri ta m'zakudya tilibe: kamaswana ngakhale m'firiji. Munthu wathanzi akadya chakudya chokhala ndi kachilomboka amatha kungomva malungo ndi kutsekula m'mimba, kapenanso osamva kalikonse. Ngozi yaikulu ili pa amayi oyembekezera, makanda, okalamba ndi anthu omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chidatsika, monga omwe ali ndi HIV kapena khansa. Mayi amatha kupita padera kapena kubereka mwana wakufa. Khanda lomwe lapulumuka limatha kudwala matenda oumitsa khosi, ndipo ena amatsala ndi vuto la madzi odzadza m'mutu lomwe limafuna opaleshoni ndi chisamaliro cha moyo wonse. Chovutitsitsa kwa ofufuza n'chakuti kuchokera tsiku lomwe munthu wadya kufika tsiku lomwe wadwala pamatha kupita masiku okwana 70. Ndani angakumbukire zomwe adadya pa nkhomaliro miyezi iwiri yapitayo, nanga dzina la kampani yomwe idapanga?

Madokotala a m'chigawo cha Gauteng adayamba kuona kuchuluka kwa makanda odwala matendawa chapakati pa chaka cha 2017, ndipo boma lidalengeza za mliriwo mu Disembala chaka chomwecho, gwero lake lisakudziwika. Mfungulo idapezeka mu Januwale 2018, pomwe ana 9 a pasukulu ina ya mkaka ku Soweto adathamangira nawo kuchipatala cha Chris Hani Baragwanath akutentha thupi ndi kutsekula m'mimba. Onse adali atadya poloni kusukuluko. Popeza anawo adadwala nthawi imodzi komanso mwamsanga, ogwira ntchito zaumoyo adafika pamalopo poloni wotsala akadalipo. Adamutenga n'kukamupima, ndipo adapezamo mtundu womwewo wa kachilombo womwe umapezeka mwa odwala ambiri m'dzikolo, wotchedwa ST6. Bungwe la National Institute for Communicable Diseases (NICD) lidagwiritsa ntchito njira yowerenga DNA yonse ya kachilombo, yomwe imasiyanitsa mtundu wina ndi unzake monga momwe chidindo cha chala chimasiyanitsira anthu. Akatswiriwo atapita kufakitale ya ku Polokwane adakapeza ST6 yemweyo.

Pomwe boma limalengeza pa 3 Seputembala 2018 kuti mliri watha, chiwerengero cha NICD chidali pa odwala 1,060 otsimikizika m'labotale ndi imfa 216. Pafupifupi anayi mwa odwala 10 alionse adali makanda osapitirira masiku 28. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidati uwu udali mliri waukulu wa listeriosis kuposa wina uliwonse womwe udalembedwapo. Poloni ndi ndiwo yotsika mtengo. Ndiye amaikidwa m'buledi wa ana opita kusukulu komanso mu kota, chakudya chotchuka cha m'makomboni momwenso mumakhala Amalawi ambiri ogwira ntchito m'dzikolo. Choncho ambiri mwa omwe adakhudzidwa ndi anthu omwe sakadatha kulipira loya paokha.

Tsiku lotsatira chilengezo cha nduna, mkulu wa Tiger Brands panthawiyo, Lawrence MacDougall, adauza atolankhani kuti padalibe umboni wolumikiza mwachindunji katundu wa kampani yake ndi imfa za anthuwo. Ambiri adakwiya nawo mawuwo, koma munthu wodziwa malamulo akadaona pomwepo njira yomwe mlandu udzayende. Kampaniyo idachotsa katundu wake m'masitolo n'kutseka mafakitale. Maiko oyandikana nawo, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, adaletsa nyama zopangidwa kufakitale zochokera ku South Africa, ndipo m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe poloni ndi masoseji a mtunduwo zidachoka m'mafiriji.

Kuti munthu amvetse chomwe odandaula amayenera kutsimikiza, ayenera kubwerera ku Scotland. Mu Ogasiti 1928, mayi wina wotchedwa May Donoghue adamwa chakumwa cha jinja pamalo ena odyera m'tauni ya Paisley. Adamugulira ndi mnzake, ndipo botolo lake lidali losaonekera mkati. Malinga ndi dandaulo lake, atamwako ndipo chotsala chikutsanulidwa, mudatuluka nkhono yoola, iye n'kudwala. Malamulo a nthawiyo amati wosuma ayenera kukhala yemwe adachita malonda ndi wosumiridwa, pomwe mayiyu sadagule kanthu kwa aliyense. Mu 1932 bwalo lalikulu la House of Lords, mwa oweruza atatu potsutsana ndi awiri, lidagamula kuti wopanga katundu ali ndi udindo wosamala kwa munthu yemwe adzagwiritse ntchito katunduyo kumapeto, ngakhale awiriwo sadaonanepo. Chigamulo cha Lord Atkin pa mlanduwu ndicho maziko a milandu ya kusasamala m'maiko ambiri omwe adatengera malamulo a ku Britain, ndipo mabwalo a ku Malawi amachitsatira mpaka lero.

Chigamulochi chidatsekula khomo, koma chidasiya mtolo pamutu pa wodwala. Iye ndiye ayenera kusonyeza kuti kampani idalephera kusamala, chonsecho sadalowepo m'fakitale, sadziwa kuti makina amatsukidwa kangati, ndipo zikalata zonse zili m'manja mwa yemwe akumusumirayo. Ku South Africa vutoli lidaonekera poyera mu 2003 pa mlandu wa Wagener ndi kampani ya Pharmacare, wokhudza mankhwala ochititsa dzanzi omwe wodandaula adati adamupuwalitsa mkono atachitidwa opaleshoni. Bwalo la apilo la Supreme Court of Appeal lidakana kuchotsa lamulo loti kulakwa kutsimikizidwe, ndipo lidati kusintha kotere ndi ntchito ya nyumba ya malamulo. Nyumbayo idayankha ndi lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008. Gawo 61 la lamuloli limati wopanga, woitanitsa kunja, wogawa ndi wogulitsa katundu ali ndi mlandu pa chivulazo chobwera chifukwa cha katundu woopsa, wolakwika, kapena wopanda chenjezo lokwanira, posatengera kuti adasamala kapena ayi. Wovulala ali ndi ufulu wosankha woti amusumire mwa onsewa, ngakhale kuti wogulitsa amatha kudziteteza posonyeza kuti sakadatha kudziwa za vutolo.

Papepala, lamulo lotere limaoneka ngati lamaliza nkhani. Pa 3 Disembala 2018 bwalo lalikulu la ku Johannesburg lidavomereza kuti mlandu uzengedwe ngati wa gulu, motsogozedwa ndi maloya a Richard Spoor Inc ndi LHL Attorneys, ndipo anthu oposa 1,000 adalembetsa. Dongosolo lidali loti mlandu uyende magawo awiri: loyamba logamula ngati kampani ili ndi mlandu, lachiwiri lowerengera zomwe aliyense ayenera kulandira. Richard Spoor ndi loya yemwe adatchuka pa milandu ya ogwira ntchito m'migodi omwe adadwala mapapo chifukwa cha fumbi, motero amadziwa kutalika kwa njira zotere.

Gawo 61 lidachotsa funso la kusasamala, koma silidachotse funso la chomwe chidayambitsa chivulazo. Wodandaula ayenerabe kusonyeza kuti chomwe chidamudwalitsa ndi katundu wa kampani yomwe akuisumira, osati wa ina. Apa ndipo Tiger Brands idaponda mwamphamvu. Panthawi ya mliri, tizilombo ta listeria tidapezekanso pafakitale ya kampani ina, ngakhale kuti sitidali ta mtundu wa ST6. Maloya a Tiger Brands adatumiza masamoni kwa NICD, kumalabotale oyima paokha ndi kumakampani ena opanga nyama, kufuna zotsatira za zonse zomwe adapima. Cholinga chidali choonekeratu: ngati ST6 adapezekapo kwina kulikonse, ndiye kuti palibe yemwe angalumbire kuti wodwala wakutiwakuti adamutenga m'poloni wa ku Polokwane. Omwe adalandira masamoniwo adakana. Mu 2020 bwalo la ku Johannesburg lidagamula mokomera Tiger Brands, koma mu Febuluwale 2022 bwalo la apilo lidatembenuza chigamulocho. Zaka zoposa ziwiri zidathera pa funso la zikalata, umboni wa mlandu weniweni usadayambe kumvedwa. Kumayambiriro kwa 2024 ndi pomwe NICD idapereka kwa mbali ziwirizi mafayilo a DNA ya tizilombo tomwe idapima, kuti akatswiri a mbali iliyonse awaunike.

Palibe lamulo lomwe kampaniyo idaswa pochita izi. Wosumiridwa aliyense ali ndi ufulu woyesa umboni womwe akumunenera, ndipo pamilandu yotere mawu omaliza sakhala a kampani yokha. A inshuwaransi, omwe ndiwo adzatulutse ndalama, ndiwo amagwira chiwongolero. Komabe nthawi siipweteka mbali ziwirizi mofanana. Kampani imaika mlandu m'malipoti ake a pachaka ngati chimodzi mwa zinthu zomwe zikudikira, malonda n'kumapitirira. Tiger Brands idagulitsa bizinesi yake ya nyama mu 2020, kotero kuti fakitale ya ku Polokwane ili ndi eni ena. Mwana yemwe adabadwa ndi matendawa mu 2017 adali atafika msinkhu wa sukulu ya pulaimale pomwe ganizo lolipira limaperekedwa, ndipo zaka zomwe thandizo la madokotala likadamusintha kwambiri ndi zoyambirira zomwezo, zomwe zidathera m'mabwalo. Mu Febuluwale 2025 ndi pomwe mbali ziwirizi zidagwirizana zoti ena mwa odandaula omwe akufunika chithandizo chamsanga alandireko ndalama zoyambira.

Ganizo la mu Meyi 2025 likusonyeza bwino mphamvu ya umboni wa m'labotale. Lidalunjika kwa omwe adadwala, omwe amayi awo adadwala ali oyembekezera, omwe adataya wowasamala, ndi omwe amasamala wodwala, koma pokhapokha matendawo akhale a mtundu wa ST6. Si odwala onse omwe tizilombo tawo tidasungidwa n'kuwerengedwa DNA. Mayi yemwe adapita padera kuchipatala chaching'ono popanda womutenga magazi, kapena nkhalamba yomwe idamwalira kunyumba n'kuikidwa, sadalowe n'komwe m'chiwerengero cha 1,060. Anthu awiri akhoza kudya poloni wa paketi imodzi n'kudwala mofanana, koma yemwe ali ndi njira yopita kubwalo ndi yemwe dokotala wake adatumiza magazi kulabotale.

Kwa wogula wa ku Malawi, yemwe gawo lalikulu la katundu wa m'masitolo ake limachokera ku South Africa komweko, nkhaniyi siili kutali. Malamulo oteteza ogula alipo. Lamulo la Consumer Protection Act la 2003 limatchula ufulu wa wogula wolandira chipukutamisozi pa zomwe zamuonongekera. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi mphamvu zopima katundu, kulanda wosayenera ndi kutseka malo opangira kapena ogulitsira. Lamulo latsopano la Competition and Fair Trading Act la 2024 lidapatsa bungwe la CFTC mphamvu zolipiritsa kampani yolakwa chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zomwe imapeza pachaka. Bungwe la Consumers Association of Malawi lakhala likuyankhulira ogula kwa zaka zambiri. Koma kulanda katundu ndi kulipiritsa chindapusa ndi chilango cha boma kwa wamalonda. Sikulipira bilu ya kuchipatala ya munthu yemwe wavulala, kapena malipiro omwe wataya ali chigonere. Wofuna zimenezo njira yake yodziwika ndi ya kubwalo la milandu, komwe amakakumana ndi funso lomwe lija la May Donoghue, ndipo lamulo la Limitation Act limamupatsa zaka zitatu zokha kuti asume pa mlandu wa kuvulala.

Mabwalo a m'dziko muno akhala akumva milandu ya anthu omwe adapeza zinthu zachilendo m'mabotolo a zakumwa, ndipo milandu imeneyi ndiyo yosavutirapo: botolo lili ndi dzina la kampani, chinthu chachilendocho chikuoneka ndi maso, munthu amadwala tsiku lomwelo. Ngakhale pamenepo, wodandaula yemwe adataya botolo, kapena yemwe alibe lipoti la kuchipatala lolumikiza kudwala kwake ndi chomwe adamwa, amakhala pachiopsezo chobwerako chimanjamanja. Nanga bwanji katundu yemwe Amalawi ambiri amagula tsiku ndi tsiku? Mafuta ophikira oyezera m'timapepala alibe dzina la wopanga. Mankhwala ogulitsidwa pamsika adachoka kalekale m'bokosi lomwe lidali ndi nambala yake. Waya wamagetsi kapena batire la sola lomwe latentha nyumba limapsera limodzi ndi nyumbayo. Lisiti ambiri salandira, ndipo sakumbuka kufunsa. Katundu wambiri amalowa m'dziko kudzera mwa amalonda ang'onoang'ono okwera mabasi, omwe ngakhale atawasumira alibe chuma cholipirira munthu wolumala moyo wonse, pomwe wopanga weniweni ali kutsidya kwa malire angapo, pansi pa malamulo ena.

Pali chinanso chomwe sichikambidwa kawirikawiri pa nkhani za ogula, chifukwa chimaoneka ngati cha unduna wa zaumoyo osati cha maloya. Mlandu wa ku South Africa udatheka chifukwa zipatala zimatumiza magazi kulabotale, malabotale amatumiza tizilombo ku NICD, ndipo boma lidalamula mu Disembala 2017 kuti aliyense wopezeka ndi listeriosis azilembedwa. Popanda dongosolo limeneli imfa 216 zija zikadangokhala imfa zosiyanasiyana m'zipatala zosiyanasiyana: uyu malungo, uyu matenda oumitsa khosi, uyu kupita padera. M'dziko lomwe wodwala wotentha thupi amayamba wapimidwa malungo, maliro amaikidwa m'masiku awiri kapena atatu, ndipo mabanja ambiri safuna kuti thupi la m'bale wawo ling'ambidwe, mliri wochokera m'chakudya ukhoza kudutsa popanda woutcha dzina. Apo ndiye kuti palibe wosumira, chifukwa palibe yemwe akudziwa kuti adavulazidwa. Kukonza lamulo kuti lifanane ndi gawo 61 la ku South Africa kungathandize wodandaula wa ku Malawi, ndipo n'koyenera. Koma ndalama zomwe zingasinthe zambiri ndi zogulira zipangizo za m'labotale ndi kulipira anthu olondola matenda.

Kwa mabanja a ku South Africa, kugwirizana kunja kwa bwalo kuli ndi ubwino woonekeratu. Ndalama zimabwera popanda kudikira gawo loyamba la mlandu, apilo yake, kenaka gawo lachiwiri lowerengera munthu mmodzimmodzi, zomwe zikhoza kutenga zaka zina zambiri. Motsoaledi, yemwe adabwerera paudindo wa nduna ya zaumoyo mu 2024, adalandira ganizolo ndi manja awiri. Koma mlandu wothera pa mgwirizano susiya chigamulo. Mafunso omwe uwu ukadayankha ndi akuluakulu: kodi umboni wa DNA ya kachilombo ndi wokwanira kulumikiza fakitale ndi wodwala yemwe alibe lisiti kapena paketi? Kodi kampani iyenera kuchita chiyani, ndipo mwamsanga bwanji, ikapeza kachilombo m'fakitale yake? Oweruza a m'maiko a kummwera kwa Africa, kuphatikizapo a ku Malawi, amawerenga zigamulo za anzawo a ku South Africa, ndipo yankho la mafunsowa likadawathandiza tsiku lomwe mlandu wofanana nawo udzawapeze.

Mlandu wa May Donoghue nawo sudafike pomva mboni. Bwalo la House of Lords lidangogamula mfundo ya lamulo n'kuubweza ku Scotland kuti ukazengedwe, koma mwini fakitale, David Stevenson, adamwalira chaka chomwecho cha 1932, ndipo oyang'anira chuma chake chamasiye adagwirizana ndi mayiyo kunja kwa bwalo. Palibe woweruza yemwe adagamulapo ngati m'botolo muja mudalidi nkhono.